Kuuwa kwa kagalu kuli ndi wogula

Basi yochokera ku Blantyre ikamafika pa Mwanza m'nyengo ya manachesi, isanaime n'komwe, ogulitsa amakhala ataizinga kale, mabeseni ndi madengu zili m'mwamba. Wina akugogoda zenera, wina akuitanira mtengo, wina akuthamanga nayo m'mbali mpaka iime. Aliyense amene anayendapo pa msewu wa M6, wochoka pa Zalewa kukafika kuchipata cha Mwanza ndi Zobue, anaziona zimenezi. Koma mukaima pambali n'kuyang'anitsitsa, mupeza kuti anthuwa sathamangira galimoto iliyonse. Thiraki ya mafuta yongodutsa saidzukira, ambulansi saitsata. Amathamangira kumene mazenera amatseguka. Palibe anawakhazika pansi n'kuwauza zimenezi. Anaphunzira okha poona kumene kumatuluka ndalama.

Kagalu ka miyezi iwiri kapena itatu kamene kakukusowetsani mtendere pakhomo kakuchita malonda omwewo. Katundu wake ndi phokoso, zenera ndinuyo. Eni agalu ambiri akamadandaula amati kagalu kawo n'kamwano, n'kosamva, kapena anawanamiza mtundu. Ine ndimakana. Mnyamata wogogoda zenera uja si wamwano, wangouwerenga bwino msika. Kagalu nakonso kauwerenga bwino msika wa pakhomo panu, ndipo kuuwa kukamakula tsiku ndi tsiku ndiye kuti pali amene akugula kuuwako.

Komabe si kulira konse kumene kuli malonda, ndipo apa m'pofunika kuyambira. Mwana wa galu amabadwa wosaona ndi wosamva. Maso amatseguka pakatha masabata awiri kapena kuchepera pang'ono, ndipo amayenera kukhala ndi make pamodzi ndi abale ake mpaka masabata asanu ndi atatu. Kwathu kuno timafulumira. Kakangoyamba kunyambita phala, ka masabata anayi kapena asanu, timati kakula, poopanso kuti wina angatitsogolere kusankha kamphongo konenepa. Timakaika m'katoni, ulendo pa kabaza, tikafika kunyumba n'kukatsekera m'khitchini ya panja. Usiku wozizira umenewo ndi woyamba kuti kagone kopanda thupi lofunda pambali pake. Kakamalira usiku wonse, kakuitana make monga kamachitira kakasochera pa anzake. Kulira kotere mukakutsekera makutu, kagalu sikaphunzirapo ulemu, kamangophunzira mantha.

Mankhwala ake savuta. Yalani thumba kapena chitenje chakale m'katoni, muikemo botolo la madzi ofunda lokulunga m'nsanza, ndipo katoniyo ikhale pamene kagalu kangamve fungo ndi mawu a anthu. M'makomo ambiri galu salowa m'nyumba, ndipo palibe chifukwa chosinthira mwambowo: pakhonde, kunsi kwa zenera la chipinda chogona, pamakwanira. Pakapita masiku, muzisuntha katoniyo pang'onopang'ono kulowera kukhola lake. Kagalu kosakwana miyezi itatu kamafunika kudya katatu kapena kanayi patsiku, osati mkute wa kamodzi madzulo. Chikhodzodzo chake n'chaching'ono, ndipo oweta agalu amawerengera mongoyerekeza kuti kamapirira ola limodzi pa mwezi uliwonse wa msinkhu wake. Choncho kakalira pakati pausiku, katulutseni kakadzithandize, musakalankhule, musakaseweretse, kabwezeni. Kamimba kotupa ngati kakhuta pamene nthiti zikuoneka ndi chizindikiro cha njoka zam'mimba, zomwe tiagalu tambiri timabadwa nazo kapena kuyamwira kwa make. Alangizi a ziweto amadziwa mankhwala ake ndi muyeso woyenera kulemera kwa kagaluko. Utitiri ndi nkhupakupa nazonso zimaliza galu usiku. Mukathana ndi njala, kuzizira, mkodzo, njoka ndi utitiri, phokoso lotsalalo ndiye malonda aja.

Malondawa amayamba chonchi. Madzulo banja lakhala pamphasa, nsima yafika, ndiwo ndi usipa. Kagalu kabwera n'kukhala pansi chapatali, maso ali pa mbale. Palibe wakaona. Kasendera pang'ono, kakhalanso pansi, kali duu. Anthu akungodya. Kenaka katulutsa liwu limodzi lokha, bwe! Mitu yonse yatembenuka.

"Amayi, kali ndi njala," atero mwana wamng'ono.

"Kaponyere mbamu katonthole, bambo ako adye mwamtendere."

Mbamu yagwa, kagalu kameza, bata labwerera. Onse akuona ngati vuto latha. Koma taonani zimene kagaluko kaona. Kanayesa kukhala chete kawiri konse, sikanapeze kanthu. Kanauwa kamodzi, zenera linatseguka. Mawa sikatayanso nthawi ndi kukhala chete.

Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti malipiro a kuuwa si chakudya chokha. Kagalu kamene katha maola kali kokha kamamva ludzu la munthu, ndipo kalikonse kochokera kwa munthu n'kamtengo wapatali: kukayang'ana, kukatchula dzina, kukanyamula, kukatsegulira chitseko. Ngakhale kukalipa kumene. Mukatuluka n'kukuwa kuti "Choka! Khala chete iwe!", inu mukuti mwapereka chilango, pamene kagaluko kaona kuti kakuitanani ndipo mwabwera, mwakayang'ana, mwakayankha mokweza ngati mukuuwa nawo. Ogulitsa amadziwa kuti wokwera basi amene watsegula zenera n'kumanena kuti "mwadulitsa" ali pafupi kugula kuposa amene sanatembenuke n'komwe.

Zimenezi zinafufuzidwa kalekale. Katswiri wa ku America, B.F. Skinner, m'buku lake la 1938 lotchedwa The Behavior of Organisms, anaonetsa ndi makoswe kuti khalidwe lililonse lotsatidwa ndi mphoto limabwerezedwa, ndipo losabala kanthu limazilala. Mu 1957 iye ndi mnzake Charles Ferster anatulutsa zotsatira za ntchito yawo yaikulu pa nkhunda, ndipo mmenemo muli mfundo imene mwini kagalu aliyense ayenera kuigwiritsa. Khalidwe lovuta kulithetsa si limene limalipidwa nthawi zonse, koma limene limalipidwa mwa apo ndi apo, mosadziwika kuti liti. Pa Mwanza zimenezi n'zoonekeratu. Si basi iliyonse imene imagula. Zina zimachoka popanda ndi mmodzi yemwe wotulutsa ndalama. Komabe wogulitsa amadzukira iliyonse, chifukwa sadziwa kuti yogula ndi iti, ndipo kukanidwa kasanu sikumuuza kuti aleke, kumangomuuza kuti yachisanu ndi chimodzi mwina ndiyo. Inu mukapirira kuuwa Lolemba, Lachiwiri ndi Lachitatu, kenaka Lachinayi n'kuponya mbamu chifukwa kwabwera alendo ndipo mukuchita manyazi, simunabwerere poyambira pokha. Mwakaphunzitsa kagaluko kuti kulimbikira kumalipira.

N'chifukwa chake nkhaniyi si ya munthu mmodzi. Khomo la Chimalawi lili ndi mazenera ambiri: bambo, mayi, ana, agogo, mdzukulu wobwera patchuthi, mnyamata wa ganyu. Asanu atatseka koma agogo n'kumati "musamakazunze kamwana, kapatseni", msika ukhalapobe, ndipo kagalu kadziwa pokaima. Muyenera kugwirizana nonse, ndipo agogo muwafotokozere mwaulemu kuti palibe akukamana chakudya. Kazidyera m'mbale yake, pamalo pake, makamaka banja lisanakhale pamphasa, kuti nthawi ya nsima ikamakwana kakhale katakhuta.

Pali chinthu china chimene chimagwetsa ulesi anthu ambiri, ndipo ndibwino kuchidziwiratu. Mukayamba kutseka zenera, kuuwa kumakula kaye kusanachepe. Ganizirani dalaivala amene wakhala akugula manachesi kwa mayi mmodzimodzi ulendo uliwonse, lero wafika n'kungokhala osatsegula. Mayiyo sachoka msanga. Agogoda, agogodanso mwamphamvu, azungulira mbali inayo, amutchula dzina, poganiza kuti mwina sanamuone. Kagalu nakonso kamakweza mawu, kamakanda chitseko, kamakoka chitenje, kamalumpha. Apa m'pamene munthu amati njirayi siikugwira, n'kugonja, osadziwa kuti kukula kwa phokosoko ndi umboni woti kagalu kazindikira kuti msika wasintha. Mukagonja pamenepa mwagula pamtengo wokwera koposa, ndipo mtengowo ndi umene kaziyambira mawa. Ngati mukudziwa kuti lero simungathe kupirira, mwina m'nyumba muli wodwala kapena khanda logona, kuli bwino kukasamalira kasanayambe kuuwa kusiyana ndi kugonja katauwa mphindi khumi.

Kutseka zenera kwake n'kophweka pokufotokoza. Kagalu kakakuuwani, musakayang'ane, musalankhule, musakakankhe ndi phazi. Tembenukani, kapena nyamukani mulowe m'nyumba kwa kanthawi. Kakakulumphirani, pindani manja muime chilili. Ana ndi amene amavutika nazo, chifukwa akalumphiridwa amakuwa n'kuthawa, ndipo kwa kagalu amenewo ndi masewera okoma kwambiri. Aphunzitseni kuima nji.

Koma kutseka kokha ndi theka la ntchito, ndipo ndikuona kuti theka linalo ndi limene timaliiwala. Wogulitsa amene mwamukaniza zenera ili ayenera kupeza pena pogulitsira, apo ayi azingogogoda. Kagalu kakufunadi munthu, ndipo kufunako si tchimo. Galu ndi nyama imene yakhala pakati pa anthu kwa zaka zikwizikwi, ndipo kamwana kake kamafuna anthu monga kamafunira madzi. Ndiye kasonyezeni njira ina yopezera chimene kakufuna. Kumbukirani kagalu kaja kanakhala pansi kawiri, kali duu, popanda wokaona. Nthawi yotsegula zenera inali imeneyo. Zolowerani kukaona kakakhala chete: kagona pakhonde, kakutafuna kanthu kake, kakhala pansi n'kumakuyang'anani. Pitani pomwepo, kasisiteni, katchuleni dzina mofatsa, kapatseni kausipa kamodzi. Kakakhala kakuuwa n'kusiya, werengani mumtima mpaka katatu kapena kasanu, kenaka katembenukireni. Masiku akamapita muzitalikitsa kudikirako. Mphoto ifike msanga, pasanathe masekondi awiri chichitikireni chinthu chimene mukuchiyamikira, chifukwa galu salumikiza usipa wa tsopano ndi ulemu wa mphindi zisanu zapitazo.

Kuphunzitsa kukhala pansi kumathandiza kwambiri pano. Gwirani kausipa pamphuno pake, kwezani dzanja pang'ono kulowera kumsana, mutu ukatsata m'mwamba matako amagwa okha pansi. Nenani kuti "Khala", perekani. Mphindi ziwiri kapena zitatu, kangapo patsiku, zakwana. Kakazolowera, chilichonse chimene kakufuna chizidzera pamenepo: mbale ya chakudya itsike kakakhala pansi, chitseko cha khola chitseguke kakakhala pansi, masewera ayambe kakakhala pansi. Kagalu kamene kadziwa kupempha ndi matako sikakhalanso ndi chifukwa chopemphera ndi pakhosi.

Zina n'zachidule. Kagalu kamagona maola 18 kapena kuposerapo patsiku, ndipo kakatopetsedwa ndi ana tsiku lonse kamasanduka kaukali ndi kaphokoso madzulo. Kapatseni malo oti kakalowamo asakavutitse. Kuyambira miyezi itatu kapena inayi mano ake 28 a ubwana amagwa, m'malo mwake mumamera 42 a ukulu, ndipo nkhama zimanyerenyesa mpaka cha m'miyezi isanu ndi iwiri. Chingwe chokhuthala chomanga mfundo chimapulumutsa nsapato zambiri. Mafupa ophika a nkhuku ayi, amasweka mosongoka n'kubaya m'matumbo. Kukhala kokha nakonso kumaphunziridwa. Musadikire tsiku limene nonse mukupita kumunda kapena kumaliro kuti kayambe kutsala kokha maola asanu ndi atatu. Yambani ndi mphindi zochepa, muzibwerera kakadali chete, muzionjezera pang'onopang'ono.

Tsopano pali pamene fanizo la manachesi limathera, ndipo kwa munthu wa ku Mwanza mwina apa m'pofunika koposa. Ambiri sitiweta galu kuti azitisangalatsa pampando. Timamuweta kuti alondere khola la mbuzi, nkhuku, nkhokwe ndi mitengo ya zipatso ikabereka. Galu wosauwa konse sitimufuna. Kuuwa kochenjeza si malonda, ndi ntchito, ndipo khutu limatha kusiyanitsa. Sophia Yin ndi Brenda McCowan a ku California, mu kafukufuku wawo wa 2004, anajambula mawu a agalu n'kupeza kuti galu akamauwa chifukwa cha mlendo pakhomo mawu ake amakhala abesi ndi aukali, pamene akasiyidwa yekha kapena akamasewera mawu amakhala okwera. Maso amathandizanso: kagalu kopempha kamauwa kakuyang'ana inu, n'kumapumira kuti kaone ngati mwamva, pamene kochenjeza kamayang'ana kunja, makutu ali tcheru, thupi litauma. Akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe, koma galu wotereyo amachita kuumbidwa akadali mwana. Kakauwa chifukwa wina wati "Odi!" kapena kwamveka mtswatswa kuseri kwa khola, tulukani mukaone. Mukapeza kuti ndi mlendo wabwino, nenani mawu amodzi omwewo nthawi zonse, monga "Chete", kaitaneni, kakabwera n'kutseka pakamwa kapatseni kanthu. Potero kamaphunzira kuti ntchito yake ndi kukudziwitsani, ndipo mukafika nkhani yatsala m'manja mwanu.

Apa m'pamene ndimadana kwambiri ndi ndodo. Kagalu komenyedwa chifukwa chouwa sikadziwa kuti kamenyedwera kuuwa kuti. Kamangodziwa kuti kutulutsa mawu pamaso pa munthu n'koopsa, ndipo mwathyola belu la pakhomo panu ndi manja anu. Choipa koposa ndi kumenya galu akamadzuma. Kudzuma ndi chenjezo lomaliza asanalume, ndipo galu amene waphunzira kubisa chenjezolo amaluma mwadzidzidzi, nthawi zambiri mwana, poti ana ndi amene amayandikitsa nkhope. Palinso chikhulupiriro choti galu amalusa bwino akamadyetsedwa tsabola kapena chamba, akamatsekeredwa mumdima osaona anthu, kapena akamakhala pa tcheni chachifupi usana ndi usiku. Zimenezi zimatulutsa galu wamantha, wouwa chilichonse, tsamba ndi wakuba chimodzimodzi, mpaka eni nyumba amaleka kudzuka akamauwa. Mlonda amene palibe amamudzukira alibenso phindu.

Mlonda wabwino ndi amene amadziwa zachizolowezi, kuti chachilendo chikabwera achizindikire. John Paul Scott ndi John Fuller, amene anafufuza kakulidwe ka agalu kwa zaka zoposa khumi ku Bar Harbor m'dziko la America n'kulemba buku lawo mu 1965, anaonetsa kuti pali nyengo yaifupi, kuyambira masabata atatu kufika cha pa khumi ndi awiri, imene kagalu kamalandira mosavuta anthu ndi zinthu zatsopano. Nyengoyo ikadutsa, chachilendo chilichonse chimayamba ndi mantha. Kagalu kokulira pafupi ndi boda kadzakhala moyo wake wonse pakati pa mathiraki a ku Tete ndi Harare, mahutala, njinga zamoto, anthu osenza katundu pamutu ndi ana a sukulu odutsa m'magulu. Kazione zimenezi kakadali kakang'ono, chapatali poyamba, kali m'manja mwanu, kakulandira kausipa. Kazolowerenso mbuzi ndi nkhuku za pakhomo. Ndati m'manja chifukwa kagalu kosamaliza katemera sikayenera kuponda pamsika kapena pamene agalu ambiri amadzithandizira. Kachilombo ka parvo, kotsegula m'mimba mwa magazi, kamakhala m'dothi miyezi yambiri ndipo kamapha tiagalu msanga. Katemera wake amayamba pa masabata asanu ndi limodzi kufika asanu ndi atatu, n'kumabwerezedwa monga alangizi angakuuzireni.

Kuuwa kumodzi kokha ndi kumene sikufuna maphunziro aliwonse koma changu. Galu amene mawu ake asintha mwadzidzidzi, asasa kapena akumveka achilendo, akuchucha dovu, akulephera kumeza, akuluma mitengo ndi miyala, kapena wofatsa walusa ndi wolusa wafatsa popanda chifukwa, akhoza kukhala ndi chiwewe. Tiagalu nato timadwala chiwewe, ndipo n'toopsa chifukwa ana amatinyamula n'kumalumidwa poganiza kuti ndi masewera. Kagalu kotere musakagwire ndi manja kapena kukapisa chala kukhosi poganiza kuti katsamwa ndi fupa. Katsekereni bwinobwino muitane a zaziweto. Bungwe la World Health Organization limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka padziko lonse, ambiri mu Africa ndi Asia, ndipo chimasiya kufalikira agalu 70 mwa 100 aliwonse akabayidwa katemera. Kuno ku Malawi, bungwe la Mission Rabies linabaya agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha m'chaka cha 2015, ndipo pa 28 September chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira nkhondo yolimbana ndi matendawa. Kagalu kanu kalandire katemera wa chiwewe kakakwana miyezi itatu, ndipo obaya akafika m'dera lanu kasanakwane msinkhuwo, pitani nakobe, amabaya ndi tating'ono tomwe. Munthu akalumidwa kapena kukandidwa ndi galu wokayikitsa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka mupite naye kuchipatala cha boma cha Mwanza kapena chipatala chimene muli nacho pafupi tsiku lomwelo, osadikira kuti muone kaye mmene galuyo akhalire.